Kodi 2,147,483,647 ili ndi chani nambala imeneyi?

wa_java: Akuluakulu ndithandizeni apa. Ndikuphunzira Java (chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta) ndiye ndinaika int (posungira nambala yathunthu) pa 2,147,483,647 nkuphatikizapo 1, mmalo mokwera yangolemba -2,147,483,648, negative eti! Ndiye wina wandiuzanso kuti nambala yomweyi ndi prime, ine zikundikanika kukhulupirira, nambala ya madijiti 10 munthu angatsimikize bwanji kuti palibe inzake yoigawa popanda chotsala? kapena amangondinamiza

kachipangizo: Aise kompyuta yako ilibe vuto. int imakhala ndi ma bit 32 (timalo tosunga 0 kapena 1), imodzi imasunga zoti nambala ndi positive kapena negative ndiye atsala 31, onsewo akakhala 1 ndi pomwe umapeza nambala yakoyo, ndi 2 kuitaimsa yokha ka 31 nkuchotsapo 1. Ukawonjezera imazungulira ngati mita ya makilomita ya galimoto yakale ikadzadza ma 9. Gwiritsa long basi, imasunga manambala aakulu kuposa int.

mphunzitsi_wa_masamu: Sanakunamizeni, ndi prime ndithu. Ili mgulu la ma Mersenne prime, amene amapezeka mukatenga 2 ku power inayake nkuchotsa 1, ndipo iyi ndi yachisanu ndi chitatu, ma power ake ndi 2, 3, 5, 7, 13, 17, 19 kenako 31. Anatsimikiza ndi Leonhard Euler mu 1772, opanda kalikyuleta, maso atafa kale mkuluyo. Simuyesa manambala onse ayi, mumalekezera pa square root yomwe ili cha pa 46,340 chifukwa pakanakhala yoigawa yaikulu kuposa pamenepo ikanakhala ndi inzake yaing'ono, komanso prime iliyonse yogawa nambalayi iyenera kusiya 1 mukaigawa ndi 62, ndiye zoyesa zimachepa kwambiri. Koma musatengeke kuti power ikakhala prime basi yankho ndi prime, ana anga mkalasi amagwa pomwepa. Yesani 11, mupeza 2047 yomwe ndi 23 x 89.

wa_java: Aphunzitsi zikomo, 23 x 89 ndayesa yatulukadi 2047 😂 ndiye kuti iyi ndi prime yaikulu kuposa onse?

mphunzitsi_wa_masamu: Ayi ma prime satha, Euclid anaonetsa kalekale zimenezo. Iyi ndi kamwana. Mu October 2024 a GIMPS, gulu losakasaka ma Mersenne prime ndi makompyuta, anapeza Mersenne prime ya power 136,279,841, madijiti ake 41,024,320, simungailembe mu kope. Chimene ine ndimaikondera yathuyi nchoti 31 nayenso ndi Mersenne prime, 32 kuchotsa 1, ndiye amaitcha double Mersenne, ndipo odziwika a mtundu umenewu alipo anayi okha.

kachipangizo: Komanso makina ambiri akale amawerenga nthawi ngati masekondi kuyambira 1 January 1970 mu ma bit 32 omwewa, ndiye adzafika pa 2,147,483,647 pa 19 January 2038, 03:14:07 UTC, kuno kudzakhala cha mma 5 mmawa, osakonzedwawo adzabwerera ku 1901. A 64 bit alibe nazo ntchito zimenezo.