Kodi mfundo imafooketsedwa bwanji pa mafunso a Critical Reasoning?

Wa ku Kapata:

Moni nonse. Ndikukonzekera mayeso a GMAT, olowera m'masukulu a ukachenjede a zamalonda, chifukwa ndikufuna kukachita maphunziro a MBA (digiri yapamwamba ya kayendetsedwe ka bizinesi), ndipo ndimawerenga ndekha kuno ku Chipata ndikaweruka kuntchito. Kuyambira pamene mayesowa anasinthidwa mu 2023, chigawo cha Verbal Reasoning, choyesa kumvetsa ndi kusanthula zolembedwa, chili ndi mafunso 23 oyenera kuyankhidwa m'mphindi 45, ndipo ena mwa iwo ndi a Critical Reasoning, oyesa luso losanthula mfundo. Amene akundivuta ndi aja amene amapereka kankhani kakafupi, kenako n'kufunsa kuti mwa mayankho asanu, ndi liti limene lingafooketse kwambiri mfundo ya wolembayo ngati lili loona.

Nali funso lofanana ndi limene ndinakumana nalo. Alimi a m'mudzi wina anabzala mbewu yatsopano ya chimanga ndipo anakolola zambiri kuposa chaka chapitacho, choncho wolemba akuti mbewuyo ndiyo inachulukitsa zokolola. Yankho lina likuti mbewuyo ndi yodula moti alimi ambiri sangaikwanitse, pamene lina likuti chaka chapitacho mvula inadula chimanga chisanakhwime. Lolondola akuti ndi lachiwirilo, koma ine monga mwana wa mlimi ndikuona kuti mtengo wa mbewu ndi nkhani yaikulu. Kodi munthu amasankha bwanji mayankho awiri akamaoneka anzeru chonchi?

Mphunzitsi wa ku Katete:

Achimwene, mtengo wa mbewu ndi nkhani yaikulu ndithu kwa mlimi, koma si umene wolemba akukamba. Musanayang'ane mayankho, pezani chiganizo chimodzi chimene wolemba akufuna kuti muchivomereze, ndipo muchinene m'mawu anu. Pano iye sakunena kuti alimi onse agule mbewuyo kapena kuti ndi yopindulitsa; akungonena kuti ndiyo inachititsa kuti zokolola zichuluke. Mbewu ikhoza kukhala yodula koma n'kubereka kwambiri, ndiye yankho la mtengolo silikhudza chigamulo chake ngakhale pang'ono.

Chachiwiri, umboni umene waperekedwa musalimbane nawo. Ngati kankhaniko kakuti alimi anakolola zambiri, vomerezani kuti anakolola zambiri. Pakati pa umboni ndi chigamulo pamakhala mlatho umene wolemba amawolokapo osautchula, ndipo ntchito yanu ndi kuugwedeza. Pa funso lanuli, wolemba akuganiza mwakachetechete kuti palibe china chinasintha pa zaka ziwirizo kupatula mbewu.

Ife a kuno sitifunika kufotokozeredwa kwambiri pa zimenezi. Chilala cha nyengo ya 2023/2024 chinali choopsa moti pa 29 February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, ndipo chimanga chimene Zambia inakolola chinatsika kufika pa matani pafupifupi 1.5 miliyoni. Nyengo yotsatira mvula inagwa bwino, zokolola n'kupitirira matani 3 miliyoni. Mlimi amene anasintha mbewu pakati pa nyengo ziwirizi anakolola zambiri, koma ngakhale mnzake amene anabzala mbewu yake yakale anakololanso zambiri. Yankho la mvula likupambana chifukwa likubweretsa chifukwa china chimene chingafotokoze zokolola zomwezo.

Dziwaninso kuti yankho lolondola silifunika kugwetseratu mfundo. Kutchula chilala sikutsimikiza kuti mbewuyo ilibe ntchito, koma kukuchepetsa chikhulupiriro chathu pa zimene wolemba wanena, ndipo zimenezo n'zokwanira.

Mayi wa ku Lundazi:

Aphunzitsi afotokoza bwino za chifukwa china. Ine ndiwonjezereko njira ina imene olemba mayeso amaikonda, yomwe ndi kutembenuza chiyambi ndi chotsatira. Tinene kuti kankhani kakuti alimi amene ali m'makopaletivi ali ndi ng'ombe zambiri kuposa anzawo, choncho kulowa kopaletivi kumalemeretsa. Yankho lofooketsa linganene kuti amene amalowa ndi amene anali nako kale kangachepe kolipirira umembala ndiponso K400 imene mlimi amaikapo kuti alandire feteleza wa FISP, ndondomeko ya boma yothandiza alimi ndi zipangizo za ulimi. Zikatero ndiye kuti chuma ndicho chinawalowetsa m'kopaletivi, osati kopaletivi kuwapatsa chuma.

Muzionanso kuti amene anafunsidwa ndi ndani. Munthu akafunsa ogulitsa a pa Saturday Market okha za kulipira pa foni, n'kugamula kuti anthu onse a chigawo cha Kum'mawa asiya kugwiritsa ntchito ndalama za m'manja, yankho losonyeza kuti m'midzi yakutali netiweki imavuta lidzamufooketsa, chifukwa anthu a mumsika wa mumzinda sakuimira aliyense.

Wa ku Kapata:

Zikomo aphunzitsi, zikomonso mayi. Koma ndikadali ndi nkhawa imodzi. Nthawi zina yankho limene likunenedwa kuti ndi lolondola limabweretsa nkhani imene sinatchulidwe n'komwe m'kankhaniko, monga mvula ija, ndipo nthawi zina limanena zinthu zovuta kukhulupirira. Kodi si bwino kulitaya yankho lotere?

Mphunzitsi wa ku Katete:

Ayi, musalitaye pa chifukwa chimenecho. Funso lenilenilo limakuuzani kuti mutenge yankho lililonse ngati loona, ndiye simukufunsidwa kuti muweruze ngati zingachitikedi. Pa mafunso ofooketsa, nkhani yatsopano ndiyo imafunika, chifukwa zimene zili kale m'kankhani sizingadzifooketse zokha. Chimene muyenera kudzifunsa n'chakuti nkhani yatsopanoyo ikukhudza chigamulo kapena ikungokamba za mutu womwewo. Mtengo wa mbewu ukukamba za mbewu, koma mvula ikukhudza chimene chinachulukitsa chimanga.

Wowerengera ndalama, Petauke:

Ndikugwirizana ndi zonsezi, ngakhale kuti pa mfundo imodzi ndikufuna kuchenjeza. Kuyerekezera yankho musanawerenge asanuwo kumathandiza, koma musaumirire pa ganizo lanu. Mukhoza kuyembekezera mvula, yankho n'kubwera likunena kuti chaka chimenecho alimi analandira feteleza msanga kapena anakulitsa minda yawo. Gwirani mtundu wa chilema, kuti pali china chinasintha, osati mawu enieni amene munaganiza.

Popeza ntchito yanga ndi ya manambala, ndimakhumudwa ndikaona anthu akusokoneza chiwerengero ndi peresenti. Boma litayamba maphunziro aulere mu 2022, ana ambiri analowa m'masukulu. Wina akati pa sukulu ina olephera achuluka, choncho kaphunzitsidwe katsika, yankho losonyeza kuti olemba mayeso anawonjezeka ndi peresenti yaikulu kuposa imene olephera anawonjezeka nayo limamufooketsa, chifukwa gawo la olephera lakhala litatsika.

Za nthawi, mphindi 45 pa mafunso 23 ndi zosakwana mphindi ziwiri pa funso lililonse, ndipo nkhani zitalizitali za Reading Comprehension, mafunso a kumvetsa zowerenga, zimadyako gawo lake. Werengani funso musanawerenge kankhani kuti mudziwe ngati mukufooketsa kapena mukulimbikitsa, pakuti mwa mayankho asanu kawirikawiri mumakhala limodzi lochita zosemphana ndi zimene mwafunsidwa. Mukaona mawu akuti EXCEPT (kupatula) m'funso lofooketsa, mayankho anayi adzakhala ofooketsa, ndipo mukufunafuna limodzi lotsalalo, limene lingakhale lolimbikitsa mfundo kapena losaikhudza konse.