Za ndalama za ku Holland: nyumba yodikirira kapena kabungwe ka osamalira odwala?

aMbewe (mlembi, Chelstone): Abale ndi alongo, mwaswera bwanji nonse. Banja lija la ku Holland limene linatigulira mabuku a sukulu latiyankha. Akuti ali ndi K400,000 yoti ithandize kwathu ku Chadiza, ndipo akufuna ife ana a kumeneko tinene koyenera kuika. Maganizo afika awiri: kumanga nyumba yodikirira amayi apakati pakiliniki, kapena kupereka ku kabungwe ka osamalira odwala kaja kanaima ntchito chaka chatha. Yankho likufunika mwezi uno usanathe.

aBanda (Matero): Nyumba basi. Nyumba timaiona ndi maso, ndipo tikamapita ku Kulamba ku Mkaika tingathe kupatuka kukaiyendera. Za ndalama zolowa m'manja mwa anthu tinaphunzira kale mu 2019.

Anaphiri (Kaunda Square): Inenso nyumba. Mng'ono wanga anachirira panjira, m'ngolo.

Mai Tembo (Kalingalinga): Anaphiri, za mng'ono wanu tonse zinatikhudza, ndipo nyumbayo ndi yofunikadi. Koma ndiloleni ndifotokoze, chifukwa ndagwira ntchito yowerengera ndalama m'mabungwe kwa nthawi yaitali. Kabungwe kathu sikanafe chifukwa cha kuba. Pa 20 Januwale 2025 Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la America kumaiko akunja kwa masiku 90, ndipo pofika pa 1 Julayi USAID, bungwe la boma la America lopereka thandizolo, inali itatsekedwa. Ndalama zinkayamba zadutsa ku bungwe lalikulu kuno ku Lusaka zisanafike kwa amayi aja. Iwo anangolandira foni: imani lero lomwe. Analibe ngakhale ngwee yosungira, popeza kwacha iliyonse inkabwera itamangidwa kale pa ntchito yake. Ya msonkhano ndi ya msonkhano, ikatsala mubweze. Kuti musungeko pang'ono poopa tsiku la tsoka zinali zoletsedwa.

Mai Tembo: Pa Khirisimasi ndinakafika paofesi pawo. Njinga yamoto ili pakhonde, matayala ataphwa. Mayi amene amatsogolera anatulutsa kope lachikuto cholimba, mmene amalemba aliyense wa pa ma ARV ndi mankhwala a chifuwa chachikulu amene wadumphitsa tsiku lake. Kale akaona dzina lopanda chizindikiro ankaimba foni, ikapanda kuyankhidwa ankapalasa njinga kukamupeza kumudzi. Masamba omaliza maina alipo, koma mzere wolembapo kuti "tamupeza" uli mbee. Mankhwala pakiliniki alipo, chasowa ndi munthu wokakumbutsa agogo olera mdzukulu kuti tsiku lakwana.

aBanda: Zomvetsa chisoni, koma mlamu musaiwale chimene kazembe wa America, Michael Gonzales, ananena mu Meyi 2025. Anadula 50 miliyoni ya madola pachaka chifukwa mankhwala opatsidwa ulere ankagulitsidwa m'mafamase. Ndiye ife tiuze azungu kuti perekani osafunsa?

Mai Tembo: Alamu, mankhwala amenewo sanabedwe ndi amayi opalasa njinga ku Chadiza. Ndipo sindinanene kuti asafunse. Ndikuti afunse zinthu zoyenera. Pempho langa kwa a ku Holland lingakhale lotere. Ndalamayi asaimange pa ntchito imodzi, kabungwe kaone kokha ngati mwezi uno kukufunika mafuta, lendi kapena matayala. Aigawe pa zaka zitatu, kuti munthu adziwe kuti chaka chamawa ntchito ilipo. Alole malipiro a anthu, kuphatikizapo wolemba mabuku a ndalama wodziwa ntchito, chifukwa kuba kumalowera pamene palibe wolemba malisiti. Alolenso kuti gawo lina lisungidwe kubanki. Lipoti likhale limodzi pachaka ndi oditi imodzi, osati mafomu mwezi ndi mwezi moti mtsogoleri amathera ku Chipata kufunafuna intaneti m'malo moyendera odwala.

aZulu (Chilenje): Kodi alipo mzungu amene angavomere zimenezo?

Mai Tembo: Alipo, amalume. MacKenzie Scott, mayi wolemera wa ku America, kuyambira 2020 wagawa mabiliyoni a madola ku mabungwe popanda kuwauza chogula. Ford Foundation, bungwe la ku America lopereka thandizo, inayambitsa ndondomeko ya BUILD mu 2016, yopereka thandizo la zaka zisanu lolimbitsa bungwe lenilenilo. Thandizo la boma la America litaima, MacArthur Foundation, bungwe lina lotero, inalengeza kuti kwa zaka ziwiri izigawa 6 peresenti ya chuma chake m'malo mwa 5. Nawonso a ku Britain akutsitsa thandizo lawo kufika pa 0.3 peresenti ya chuma cha dziko pofika 2027, ndiye tisayembekezere kuti ndalama zazikulu zija zibwerera msanga. Otsala ndi mabanja ngati ili, ndipo iwo ali ndi ufulu wosintha kaperekedwe chifukwa sadikira nyumba ya malamulo.

aBanda: Ine funso langa ndi limodzi. Matumba 60 a simenti ya kalavati anapita kuti?

aMwale (Mtendere): aBanda, mukufuna ndiyankhe kangati? Simenti inanyowa mvula itasasula denga la sitolo. Zithunzi ndinatumiza.

aBanda: Pazithunzi panali matumba 14. Ena 46 mvula inawanyamula?

aMwale: Funsani amene anali wapampando nthawi imeneyo. Ine ndinkangosaina.

Anabanda (Garden): Bambo anga anagona kale, musawakumbe m'manda. Anapereka ngolo yawo ndi ng'ombe kututa mchenga milungu yathunthu, palibe amene anawathokoza. Lero mwawasandutsa akuba poti sangathe kuyankha.

aMbewe: Chonde abale, tibwerere pa nkhani.

aBanda: Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndangonena.

Anaphiri: Mai Tembo, mwayankhula bwino, koma amayi apakati azigona kuti?

Mai Tembo: Nyumba ndi ntchito ya CDF, thumba la boma la chitukuko cha madera a aphungu, asisi. Thumba limenelo linali K1.6 miliyoni, mu 2022 linakwera kufika K25.7 miliyoni, ndipo mu 2025 linali K36.1 miliyoni pa dera lililonse la phungu. Makalasi, nyumba za anamwino ndi zodikirira zikumangidwa ndi ndalama zimenezo m'madera ambiri. Tilembe pempho lidutse ku komiti ya chitukuko ya wadi, ndipo ine ndilemba nawo. Koma ku CDF simungakapemphe mafuta a njinga ndi malipiro a kabungwe mwezi uliwonse. Chimene boma lingathe, tilipemphe boma. Ndalama ya ku Holland ipite kumene kulibe wina woikako.

aSakala (Kanyama): Pali china chimene simukunena. Kumudzi akuti mtsogoleri wa kabungweko ndi wachipani. Anaonedwa pa msonkhano.

aZulu: Chipani chiti?

aSakala: Zimenezo sindilemba pano.

Mai Tembo: aSakala, mayiyo anadandaula pamaso pa akuluakulu kuti odwala akuyenda mtunda wautali, basi dzina lachipani linamumatirira. Chisankho chili pa 13 Ogasiti 2026, ndipo kuyambira pano aliyense wofunsa funso azitchedwa wa mbali ina. Apa ndi pamene wopereka thandizo amaonekera mtima wake. Ambiri akamva mphekesera amangokhala chete, ndalama n'kuima, kabungwe n'kutsala kokha. Woona mtima amaimba foni kufunsa mwiniwake. Amalipira zoti mapepala a kalembera akhale atsopano, popeza bungwe losalongosoka mapepala silichedwa kutsekedwa. Ndipo safuna mwambo wodula riboni. Nyumba ikamangidwa chaka chino, mudzaona amene adzaime kutsogolo pojambulitsa.

aSakala: Ndiye mukunena phungu wathu?

Mai Tembo: Sindinatchule munthu.

aBanda: Mlamu, kunena mosabisa, inuyo ntchito inakutherani nthawi yomweyo. Wolemba mabuku amene mukunenayo si inu?

Mai Tembo: Ntchito inathadi, pamodzi ndi anzanga ambiri. Ku Chadiza sindikufunako malo. Kuli ana omaliza maphunziro a zowerengera amene akugulitsa tomato pamsika, alembedwe mmodzi wa iwo. Mawu amenewa andipweteka, alamu, ndipo ndiwafikitsa kwa achemwali anga.

Anabanda: Ine ndatuluka mpaka aMwale apepese.

aMwale: Ndipepese chiyani? Dzina la bambo anu sindinalitchule.

aZulu: Bwanji tigawe pakati, K200,000 uku K200,000 uku?

Anaphiri: K200,000 nyumba ingathere pa mawindo, amalume. Mitengo ya malata mwaiona?

Mai Tembo: Ndipo kabungwe kangayende chaka chimodzi n'kuimanso, odwala atayamba kale kudalira.

aMbewe: Wapampando akuti tikumane Lamlungu tikaweruka kutchalitchi, kunyumba kwa aZulu ku Chilenje, tikavote. Ovota ndi okhawo amene amaliza zopereka za chaka chatha. Pa mndandanda wanga alipo 11 mwa 43.

aSakala: Lamulo limenelo munapanga liti? Ine ndinatumiza pa Airtel Money kwa aMwale mu Okutobala, dzina langa silikuoneka.

aMwale: Sinafike. Tumizani meseji yotsimikiza tione nambala imene munalemba.