Lebulo ikapanda kunena za GMO, tiziti mulibe?

mayi_wa_golosale:
Ndithandizeni odziwa. Pa shelufu pali mapaketi awiri a phala la ana, onse a chimanga ndi soya, onse ochokera ku South Africa. Ina yalembedwa "contains genetically modified organisms", inayo sinalembedwe kanthu. Ndiye kuti yachiwiriyo ilibe GMO? Nanga "modified starch" ya pa supu wa m'mapaketi ndi pa yogati, ndi yomweyonso?

zamiyezo:
Ayi mayi, kusalembedwa sikutsimikizira kuti mulibe. Lamulo la ku South Africa, Consumer Protection Act ya 2008, limene ndondomeko zake zolembera malebulo zinayamba kugwira ntchito mu 2011, limakakamiza kampani kulemba pokhapokha za GMO, kutanthauza zosinthidwa chibadwa mu labotale, zikafika 5 peresenti. Zikachepera pamenepo, kampani ikhoza kungokhala chete osaphwanya lamulo. Kuti ilembe kuti mulibe GMO, zisafike 1 peresenti. Palinso mawu akuti "may contain genetically modified ingredients", omwe amaloledwa pamene kuyeza kuli kovuta, ndipo amenewa sakuuzani zambiri.

Choncho musayambire pa mawuwo. Yambani ndi dziko lomwe chakudyacho chinapangidwa, kenako mndandanda wa zosakaniza. Ku South Africa chimanga choposa 80 peresenti ndi cha GMO, choyera chomwe, ndipo soya ndiye pafupifupi yense. Mukaona maize meal, corn flour, soya flour, textured vegetable protein, glucose syrup, maltodextrin kapena soya lecithin, yemwe nthawi zina amangolembedwa E322, ganizani kuti mwina zinachokera ku mbewu zimenezi, pokhapokha paketiyo itanena kuti non-GM kapena organic. Zosakaniza zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri, ndiye chimanga chikakhala choyamba pa mndandanda n'chosiyana ndi lecithin wa kumapeto, yemwe amakhala kadontho chabe.

Bakhodi yoyamba ndi 600 kapena 601 imangosonyeza kuti kampaniyo inalembetsa ku South Africa. Komwe katunduyo anapangidwa fufuzani pa mawu akuti "product of".

wa_ku_fakitale:
Za "modified starch" musade nazo nkhawa. Ndi sitachi yomwe yatenthedwa kapena kuthiridwa mankhwala ku fakitale kuti isachite madzi ikazizira kapena ikaphikidwa nthawi yaitali, mwachitsanzo E1422. Kusinthako kwachitika mu thanki, mbewu itakololedwa kale. Ikhoza kukhala ya chinangwa, mbatatesi kapena chimanga, ndipo funso la GMO limabwera pa chimangacho basi.

Pomwe malebulo amasokoneza kwenikweni ndi pa mafuta ophikira ndi manyuchi a chimanga. Akayengedwa, DNA ndi mapuloteni zimachoka kapena kuphwanyika, moti makina a PCR, omwe amafufuza DNA ku labotale, nthawi zambiri sapeza kanthu. Mayiko a EU ndi Britain amati lembani ndithu, chifukwa amatsata komwe chinthu chachokera, ndipo malire awo ndi 0.9 peresenti pa chosakaniza chilichonse pachokha, ngati zalowa mwangozi. America, komwe kulemba "bioengineered" pa zakudya za GMO kunakhala kokakamiza pa 1 January 2022, pa nthawiyo inkati ngati DNA yosinthidwayo sikupezeka, palibe chifukwa cholembera, ndipo kampani inkatha kungoika QR code m'malo mwa mawu. Mafuta a soya omwewo, ku London alembedwa, ku Chicago ayi. Koma ngakhale ku Ulaya, mazira, mkaka ndi nyama ya ziweto zodyetsedwa soya wa GMO sizilembedwa.

mlangizi_wa_mbewu:
Ndionjezepo za kwathu kuno, chifukwa ambiri amasakaniza haibulidi ndi GMO. Haibulidi amapangidwa pokwatitsa mitundu iwiri ya chimanga m'munda, pothyola ngaiyaye za mizere ina kuti ilandire mungu wa inzake. GMO ndi pamene jini, kachidutswa ka DNA konyamula chibadwa, yaikidwa mu mbewu ku labotale, monga ya kachilombo ka m'nthaka kotchedwa Bt yomwe imapha kapuchi. Malawi ili ndi lamulo loyang'anira za GMO, Biosafety Act ya 2002, chaka chomwe chija cha njala pamene Zambia inakana chimanga cha thandizo cha GMO, ife n'kuchilandira koma chikhale chogaya kuti wina asadzale. Thonje la Bt ndiye linaloledwa kulimidwa mu 2019, ndipo njere za thonje zimayengedwa mafuta, chikhungwa chake n'kupita ku ziweto.

mayi_wa_golosale:
Zikomo nonse. Pali njira yoti munthu n'kuyeza yekha?

wa_ku_fakitale:
Pali timapepala toviika m'madzi osakaniza ndi chimanga chogaya, mzere n'kuoneka pa mphindi zochepa. Timagwira pa chimanga ndi soya wosaphika, koma pa phala lowotchedwa kale kapena ma cornflakes timanama kuti mulibe, chifukwa kutentha kumaononga puloteni yomwe timafufuza. Kapepala kalikonse kamaonanso puloteni yakeyake, ka Bt sikaona soya wopirira mankhwala opha udzu. Chakudya chophikidwa chimafunika PCR ku labotale. Njira yotsika mtengo kwa inu ndi kupempha amene amakuoderani katunduyo akupatseni chikalata cha kampani chosonyeza zotsatira za kuyeza, ndipo muonetsetse kuti nambala ya batch ya pa chikalatacho ndi yomwe yadindidwa pa paketi.