Ndisiye utolankhani kuti ndilembe mbiri ya thangata?

Wofunsa: Moni nonse pagulu pano. Ndine mtolankhani pa wailesi ina kuno ku Thyolo, ichi ndi chaka changa chachisanu. Mnzanga wandibwereka buku lotchedwa The King Incorporated, lolembedwa ndi Neal Ascherson, mtolankhani wa ku Scotland wobadwira ku Edinburgh mu 1932. Likukamba za Leopold II, mfumu ya ku Belgium yomwe inasandutsa dziko la Congo munda wake kuyambira 1885 mpaka 1908, anthu n'kumakakamizidwa kukolola mphira.

Ndikuwerenga, mtima unali kwa agogo anga aakazi. Akayamba kusimba za thangata, ntchito yokakamiza ya pa maesiteti a atsamunda, amasiya kaye chimanga chimene akutong'ola, n'kumaloza kumtunda kumene akapitawo ankadzera m'mamawa. Palibe amene walembapo mawu awo, ndipo chaka chino thupi lawafooka kwambiri.

Bukuli linatuluka mu 1963, mwini wake asanakwanitse zaka 32, ali pantchito ku nyuzipepala ya The Observer. Ine ndikaweruka ndimafika kunyumba nditatheratu. Ndisiye ntchito? Kapena ndikayambe ndaphunzira mbiri ku yunivesite? Ndithandizeni nzeru abale.

Yankho loyamba: Achemwali, ntchito musasiye. Munthu mukumutchulayo sanasiyenso. Zimene ankaona ku Poland ali mtolankhani ndi zomwe zinabala buku lake la The Polish August mu 1981. Black Sea, buku lomwe ambiri amamudziwira, linadzatuluka mu 1995 atayenda kale zaka zambirimbiri akutola nkhani. Utolankhani ndi umene unkamupatsa zolemba.

Yankho lachiwiri: Koma tisabisane, Ascherson anaphunzira mbiri ku Cambridge, ndipo mmodzi mwa aphunzitsi ake anali katswiri wa mbiri yakale Eric Hobsbawm. Luso lofufuza zikalata zakale sanalitole pamsewu. Sukulu ndi yofunika. Ngati fizi palibe, pa tchuthi pitani ku Zomba ku National Archives mukaphunzire kupempha mafayilo a nthawi ya atsamunda. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala, mu Blantyre, ilinso pafupi ndi kwanu.

Yankho lachitatu: Mwana wanga, ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Digiri idzakudikirani, zikalata za ku Zomba sizithawa, koma agogo anuwo sadikira. Mayi anga anapita nazo zonse kumanda ine ndikunena kuti mawa, mawa, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Foni muli nayo. Khalani nawo pakhonde, afunseni mayina a midzi, nyimbo zimene ankaimba polima, chilango cha munthu wokana thangata. Musawadule mawu ngati pa wailesi, asiyeni azungulire. Mukajambula sungani m'malo awiri.

Wofunsa: Zikomo kwambiri bambo, mwandikhudza. Loweruka lino ndipita kumudzi ndi foni ndi kope. Funso lina: agogo amasakaniza Chilomwe akafika pa nkhani zowawa, ndipo ine ndimachimva patalipatali. Ndipite ndi womasulira, kapena ndijambule kaye n'kudzamasulira pambuyo?