Andifufutira zomwe ndinalemba za Matafale pa Wikipedia, nditani?

MwanaWaChileka: Abale ndithandizeni. Ndimawerenga tsamba la nyimbo zodzudzula boma pa Wikipedia nde zinandiwawa kuona za South Africa zili mbwee koma zakwathu kuno osaziona, basi ndinakhala usiku onse pa foni, bundle mpaka kutha, kulemba za Evison Matafale kuti anamangidwa nthawi ya Muluzi nkuphedwa mu November 2001. Kutacha ndapeza wina wafufuta zonse akuti palibe source. Source yanji pomwe ine ndinakulira kwawo ku Chileka komweko, maliro ake ndinawaona ndi maso angawa?

ankolo_a_Ndirande: Pepani achimwene koma kumeneko zoona ndi maso sawerengera, amafuna zomwe zinatuluka kale mu nyuzi kapena m'buku. Komanso liwu loti "anaphedwa" ndi lomwe lakugwetsani. Lembani kuti anamwalira ali m'manja mwa apolisi pa 27 November 2001, zimenezo palibe angatsutse, kenako zomwe anthu ananena pa imfa yakeyo muziika ndi dzina la amene ananenayo. Nanenso zimandipweteka, kaseti ya Kuimba 1 ndikadali nayo mu kabati, koma mukalemba ndi mkwiyo azingofufutabe.

NaPhiri_Zingwangwa: Musayambire pa Matafale pokha chonde. Nthawi ya Kamuzu wailesi inali MBC yokha, Censorship Board ilipo kuchokera 1968, nde munthu ukanaimba poyera bwanji? anthu amabisa mawu m'miyambi, agogo anga amati ngakhale pamtondo azimayi amadandaula momwemo posinja. Zoimba mosabisa zinadzabwera pambuyo pa kalata ya mabishopu ya March 1992 ndi referendum ya 1993, mpamene a Lucius Banda aku Balaka anayamba kutchedwa Soja wa amphawi. Popanda mbiri imeneyo wowerenga wakunja samvetsa chifukwa chomwe Matafale anali wolimba mtima.

ankolo_a_Ndirande: Eya achemwali mwalasa. Ma source alipo, a John Lwanda ndi a Reuben Chirambo analemba zambiri za nyimbo ndi ndale za kuno. Yesaninso library ya Society of Malawi ku Mandala, nyuzi zakale zambiri zili ku Archives ku Zomba. Muyambe mwalemba mu sandbox, tsamba lanu loyeserera pa Wikipedia, kenako mufunse pa talk page, pomwe olemba amakambirana za tsambalo, musanaike.

MwanaWaChileka: Zikomo nonse. Loweruka ndilibe ntchito koma kaya amatsegula, ndiyamba ndafunsa. aNaPhiri gawo la Kamuzulo tilembe limodzi?