Ana a malemu mkulu wanga ndingawalembetse nawo pa thandizo la ndalama la boma?

Membala wosatchula dzina:
Moni nonse. Pepani ndabisa dzina ndi komwe ndikukhala, abale anga ambiri ali pa gulu lino ndipo sindikufuna nkhaniyi iwafike ndisanaiyambe n'komwe.

Ndikulera ana anayi ndekha. Awiri ndi obereka ine, wa zaka 9 ndi wa zaka 4. Awiri enawo ndi a mkulu wanga amene anatisiya chaka chatha. Bambo awo sitikudziwa komwe ali, ndipo ndilibe pepala lililonse la kukhoti, abale tinangogwirizana pakamwa kuti ndiwatenge. Ine ndi bambo a ana anga tinasiyana, amatumiza kangachepe akakumbukira.

Ndimachapa ndi kusita m'nyumba za anthu. Mwezi wina zimayenda, wina ndimangokhala. Ndikufuna kupempha thandizo la boma la mabanja ovutika omwe ali ndi ana, koma pa fomu pali malo olemba ndalama zomwe ndimapeza pa mwezi. Ndilembe za mwezi uti? Mnzanga akuti ndingolemba ziro, apo ayi andikana. Chomwe chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi ana a malemuwa. Adzawawerengera popanda pepala? Kapena ndikawatchula ndiye ndaputa mavu, abwere adzandilande? Palinso bambo wina akuti ndimupatse kangachepe andifulumizitsire. Ndithandizeni, mutu waima.

Yankho 1:
Pepani ndi imfayo amayi. Bambo wofulumizitsayo musamupatse kanthu, ndipo chiphaso chanu asachigwire n'komwe. Kulembetsa thandizo lotereli salipiritsa.

Yankho 2:
Mukanatchula dziko lokha mayi, chifukwa zimasiyana kwambiri. Kwina umapempha wekha, kwina ayi. Mtukula Pakhomo wa ku Malawi, uja anayambira ku Mchinji mu 2006, sapita ndi fomu ya wekha. Mabanja amachita kusankhidwa m'dera, ndipo amayang'ana osaukitsitsa omwenso alibe anthu okwanira otha kugwira ntchito. Poti inu mukunena za fomu, ndiye kuti muli kwina.

Membala wosatchula dzina:
Eya, kuno ndi kodzaza fomu. Dzikolo ndikhululukireni.

Yankho 3:
Achemwali, ine ndi gogo, ndikulera zidzukulu ziwiri ndipo mantha anuwo ndinali nawo. Ndinatha miyezi ndikubisa ana poganiza kuti adzawatenga. Nditapita, funso lomwe anandifunsa silinali loti ndani anabereka, koma loti mwanayo amagona kuti ndipo amamusamala ndani tsiku ndi tsiku. Kuno ku South Africa ndalama ya mwana, Child Support Grant, yomwe inayamba mu 1998, imaperekedwa kwa amene akumulera mwanayo mpaka atakwanitsa zaka 18, kaya ndi mayi ake, azakhali kapena agogo. Ngati si wako wobereka umangofunika umboni woti ali m'manja mwako, monga kalata yolumbira ya kupolisi, lipoti la wa zosamalira anthu kapena kalata ya mphunzitsi wamkulu. Komanso amalola nzika, okhazikika mwalamulo ndi othawa kwawo basi, nanga ena amaiwala zimenezi n'kukataya tsiku pamzere.

Kwanuko malamulo akhoza kusiyana, koma yambani lero kusonkhanitsa mapepala: chiphaso chanu, zikalata zakubadwa za ana onse anayi, kalata ya imfa ya malemu, makadi a kuchipatala ndi kalata ya kusukulu yosonyeza kuti wowayang'anira ndinu. Kalata ya imfayo ndi imene inandivuta ine, inali kwa mlamu wanga amene sitinkayankhulana. Ndinachita kudzichepetsa. Zonse mujambulitse, muwapatse makope, zenizenizo muziwaonetsa kenako n'kubwerera nazo kunyumba.

Yankho 4:
Koma anthu inu, boma lizilera ana a aliyense? Bambo a anawo ali kuti? Asakidwe amenewo.

Yankho 5:
Achimwene, mayiwa akuchapira anthu kuti adyetse ana amasiye omwe sanabereke okha. Mukasowa chonena kumangodutsa. Ngakhale pa za abambozo mwakhudza chinthu choona mosadziwa: ku America, pulogalamu ya TANF, yomwe ndi thandizo la ndalama la boma kwa mabanja ovutika omwe ali ndi ana, imafuna kuti wopempha athandize boma kulondola kholo lomwe silikusamala mwana. Ndiye mayi, konzekani kufunsidwa za abambo onse awiri. Mukanene zomwe mukudziwa, ngati simukudziwa komwe ali mukatero basi.

Yankho 6:
Ndiyankhe za ziro zija, poti ndakhala ndikuthandiza anthu kudzaza mafomu otere. Musalembe ziro. Wofunsayo akangoona ziro amafunsa kuti nanga lendi mumalipira ndi chiyani, ana anayi akudya chiyani, ndipo mukayamba kukakamira amasiya kukhulupirira ngakhale zoona zomwe mwalemba. Zikadziwika pambuyo pake amatha kukuimitsani n'kukuuzani kuti mubweze zonse munalandira. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri onama akanalandirabe atanena zoona, chifukwa malire a ndalama saikira munthu wopanda kalikonse yekha, amaikira opeza zochepa.

Tengani kope, lembani zomwe mwapeza miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yapitayi, mwezi uliwonse pawokha, yabwino ndi yoipa yomwe. Muphatikize n'kugawa ndi chiwerengero cha miyeziyo, ndipo kopelo mupite nalo. Za bambo a ana anuzo mulembenso, koma munene kuti sizibwera mokhazikika. Ngati amatumiza pa foni, mauthenga aja musafufute.

China, mukafunse ngati ana a malemuwo angakhale ndi fayilo yawoyawo. Ku America kuja wachibale wolera ana amatha kupemphera anawo okha, ndipo m'maboma ambiri ndalama za iye sizimawerengedwa, komanso malire oti munthu asalandire thandizoli kupitirira miyezi 60, omwe anabwera ndi lamulo la 1996, sakhudza pempho lotero. Ku South Africa kuli kowonjezera kwa ana amasiye oleredwa ndi achibale. Zinthu zoterezi nthawi zambiri umazimva ukafunsa.

Yankho 7:
Akakukanani musangotuluka n'kumalira panjira ngati ine poyamba. Pemphani kalata yonena chifukwa, chifukwa apilo imakhala ndi masiku ake. Kwathu kuno ndi masiku 90. Ine anandikana kaamba ka dzina la mwana lomwe linasiyana chilembo chimodzi pa zikalata ziwiri. Chilembo chimodzi! Tsiku lopereka fomu mutengenso kalisiti kokhala ndi deti.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo nonse, makamaka agogo, mwandimasula. Bambo uja ndamubloka. Ndayang'ana mapepala usiku uno: zikalata zakubadwa zilipo zitatu, ya wamng'ono wa malemu sindikuiona, ndipo pa khadi lake la kusikelo analembapo dzina la bambo ake pamene kusukulu akugwiritsa ntchito lathu. Ndiyambe kukonza dzinalo kapena ndikapereke kaye fomu?

Yankho 3:
Kaperekeni kaye mwanangu, mukawauze za dzinalo ndi pakamwa panu asanalione okha. Ena atatuwo asadikire chikalata cha mmodzi.