Mustang GT kapena Challenger yomwe inachitapo ngozi?

Mlendo_Indiana:
Moni nonse. Ndimakhala ku South Bend, ku Indiana, ndipo ndikufuna kugula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito ya injini ya V8, ya masilinda asanu ndi atatu. Ndapeza Ford Mustang GT ya 2016 ya injini ya malita 5.0, komanso Dodge Challenger R/T ya 2015 ya injini ya HEMI ya malita 5.7, yomwe ikutchipa kwambiri chifukwa pachikalata chake palembedwa kuti rebuilt. Kodi ndiyang'ane chiyani ndisanapereke ndalama, poti mwina ndidzaitumiza kumudzi?

Makaniko_Dallas:
Achimwene, chikalata chotere chikutanthauza kuti kampani ya inshuwalansi inaona kuti galimotoyo yawonongeka mopitirira, kenako wina anaigula n'kuikonza. Pemphani nambala ya VIN, nambala yozindikirira galimotoyo, yomwe imakhala ndi zilembo ndi manambala 17, mukaone mbiri yake pa Carfax, tsamba la pa intaneti losunga mbiri ya magalimoto. Ngati inachokera kuno ku Texas, musamale kwambiri, popeza chimphepo cha Harvey chitasefukiza madzi ku Houston mu 2017, magalimoto ambiri omira anagulitsidwa m'zigawo zina atatsukidwa bwino. Tukulani kapeti, mununkhize, ndipo muone ngati mabawuti a pansi pa mipando achita dzimbiri kapena m'makona muli matope ouma. Mawaya amene analowa madzi amayamba kuvuta patapita nthawi.

NaPhiri:
Ine ndingasankhe Mustang, komabe magalimoto amenewa nthawi zambiri amakhala atazunzidwa ndi eni ake oyamba. Matayala akumbuyo akakhala otha pamene akutsogolo ali bwinobwino, dziwani kuti mwini wake ankakonda kuwazunguliza mpaka kufuka utsi. Muilize injini isanatenthe kuti mumve ngati ikugogoda, ndipo makaniko wanu aikweze m'mwamba, chifukwa mchere umene amathira m'misewu ya kwanuko nthawi ya chisanu umadya chitsulo chakunsi.

Bambo_a_Tadala:
Pa zotumiza kumudzi, kumbukirani kuti zonse ziwiri chiwongolero chili kumanzere, ndipo kupitirira thiraki pa M1 mutakhala mbali imeneyo n'kovuta. Ford inayamba kupanga Mustang ya chiwongolero chakumanja mu 2015, ndipo imagulitsidwa ku South Africa, pamene Dodge sinapangepo Challenger yotere mpaka inasiya kuipanga mu 2023. Msonkho wa MRA nawonso umakwera malinga ndi kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, choncho muwerengetsere musanalipire za sitima.